Apongozi abwera ndi nsinjiro

Azakhali,

Ndimakhala ku Leeds, ku England. Mwana wanga wa zaka 4 thupi lake limadana ndi mtedza. Tsiku lomwe anangolawa pang'ono, milomo inatupa, ziwengo thupi lonse, n'kuyamba kubanika. Madokotala anatipatsa jakisoni wa adrenaline woti tiziyenda naye. Tsopano apongozi abwera kudzationa atanyamula nsinjiro ndi ufa wa phala wakumudzi. Akuti ndikumulera mwachizungu. Bambo a mwanayu angoti chete. Nditani?

Mayi wankhawa, Leeds

Mwana wanga,

Apongozi akowo sakufunira mdzukulu wawo zoipa. Mtedzawo anakazinga ndi kusinja okha, ndipo kwathu phala lotendera ndilo lolerera ana. Uwalandire ndi manja awiri. Koma mwanayo asalawe, ngakhale kunyambita supuni.

Pa zakudya za m'sitolo, kumeneko lamulo lili kumbali yako. Pali zakudya 14, monga mtedza, mazira, mkaka, soya, nsomba ndi chitowe, zomwe ziyenera kuoneka bwino pamndandanda wa zosakaniza, nthawi zambiri ndi zilembo zakuda kwambiri. Kuyambira mu Okutobala 2021, ngakhale sangweji yomwe akonza ndi kukulunga m'sitolo momwemo iyenera kulembedwa zonse. Lamuloli linabwera Natasha Ednan-Laperouse, mtsikana wa zaka 15, atamwalira mu 2016 chifukwa cha chitowe chomwe sichinatchulidwe papaketi. Choncho uziwerenga nthawi iliyonse, ngakhale mabisiketi omwe unagula sabata yatha, poti makampani amasintha zosakaniza. Ukaona "peanut", "groundnut" kapena "arachis", bwezera pashelefu. Mawu akuti "may contain" kampani imalemba mwa kufuna kwake. Usaganize kuti kusowa kwake ndiye kuti zonse zili bwino.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi ufa uja. Ulibe cholembedwa chilichonse. Kaya munathiridwa mtedza, kaya m'chigayo munali mutangodutsa wa wina wosakaniza, palibe angakuuze. Umenewo mudye akuluakulu, mphika ndi mthiko zikhale zapadera.

Nkhaniyi si yako wekha. Amuna ako akhale pansi ndi amayi awo, awafotokozere zomwe anaona tsiku lija, awaonetse jakisoniyo ndi momwe amabayira pantchafu. Mawu a mwana wawo adzawalowa msanga kuposa a mtengwa. Ukamapita kwa dokotala, uwatenge agogowo akamve okha.

Mwanayo akayamba kubanika kapena kutupa lilime, baya jakisoni nthawi yomweyo, kenako imba 999. Usadikire kuti uone kaye.

Azakhali