Chombo Chaphulika M'mlengalenga: Kodi Phokosolo Lachokera Kuti?



Sabata yathayi, titangomaliza phunziro la m'mawa, mnyamata wina wa Fomu 3 anakweza dzanja n'kufunsa funso lomwe silili pa silabasi. Anati anaonera filimu m'kanyumba ka vidiyo ku msika, ija yomasuliridwa m'Chichewa, ndipo chombo china chitaphulika kutali m'mlengalenga, phokoso lake linagwedeza masipika. Koma aphunzitsi a Physics anali atanena kuti kumeneko kulibe mpweya wonyamula phokoso. "Ndiye wonama ndani, a Mwalimu?" Kalasi yonse inaseka. Ife tinaona kuti funsolo ndi lofunika kuyankhidwa pamaso pa tonse, pakuti ana athu amathera nthawi yambiri pa kanema ndi pa foni, ndipo zimene akuona kumeneko zimalowa m'mutu limodzi ndi zimene amaphunzira m'kalasi.

Yankho lake ndi lakuti aphunzitsi a Physics ndi amene anena zoona. Phokoso ndi kunjenjemera komwe kumadutsa mu mpweya, m'madzi kapena mu chinthu cholimba. Pamene palibe chilichonse chonjenjemera, palibenso phokoso. Mu mpweya phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi, ndipo izi mungaziyese nokha nyengo ya mvula: mphezi ikang'anima, werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu alionse ndi mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi. Okonza filimu amadziwa zonsezi, koma amaikamo phokosolo dala chifukwa nkhondo yachete sisangalatsa owonera ambiri. Ena ochepa anasankha kutsata sayansi: mu filimu ya 2001: A Space Odyssey ya chaka cha 1968, komanso mu pulogalamu ya pa kanema ya Firefly ya 2002, zombo zimayenda kunja kopanda phokoso.

Mitundu iwiri ya zosatheka

Kuti tionere bwino, tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi bodza logwirizana. Wolemba nkhani amatiuza kuchokera pachiyambi kuti m'dziko lake muli chinthu chomwe kwathu kuno kulibe, ndipo ife timavomera kuti nkhani iyende. N'chimodzimodzi nthano za agogo: palibe amene amadzuka n'kunena kuti Kalulu salankhula. Pulogalamu ya Star Trek, yomwe inayamba kuonetsedwa ku America mu 1966, ili ndi chombo chothamanga kuposa kuwala komanso makina osamutsa munthu m'kanthawi kochepa kuchoka m'chombo kupita pa dziko lina. Makinawo anawaganizira chifukwa kujambula chombo chikutera sabata iliyonse kukanadya ndalama zambiri. Doctor Who, yomwe BBC inayamba kuonetsa mu 1963, ili ndi bokosi lopita m'tsogolo ndi m'mbuyo mwa nthawi. Zimenezi ndi malamulo a masewerowo.

Chachiwiri ndi chibowo m'nkhani. Apa wolemba amaphwanya lamulo lomwe anaika yekha. Ngati sabata yatha makina aja anapulumutsa anthu mosavuta, bwanji lero anthu omwewo atsekeredwa ndipo palibe akukumbukira makinawo? Ngati munthu wabwerera m'mbuyo n'kulepheretsa ukwati wa agogo ake, iyeyo anabadwa bwanji kuti abwerere? Bodza logwirizana tingalilole, koma chibowo chimasonyeza kuti nkhaniyo ikudontha ngati denga lofoleredwa mothamanga. Wophunzira wodziwa kuona chibowo mu filimu adzachionanso mu nkhani yomwe walemba yekha pa mayeso a MSCE, kapena m'mawu a munthu wofuna kumupusitsa.

Tiyeze ndi manambala

Chinthu chomwe mafilimuwa amabisa kwambiri ndi kutalika kwa mtunda. Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Kuchoka pa Mwanza kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 100, choncho kuwala kungayende ulendo umenewo ka 3,000 pa sekondi imodzi. Ngakhale kuli ndi liwiro lotere, kuwala kwa dzuwa kumatenga mphindi zoposa pang'ono 8 kuti kutifike, ndipo kwa nyenyezi yoyandikana nafe kwambiri pambuyo pa dzuwa, Proxima Centauri, kumatenga zaka zoposa 4. Uthenga wa wailesi umayenda pa liwiro lomwelo. Kuchoka kuno kupita ku Mars umatenga pakati pa mphindi 3 ndi 22, malinga ndi pomwe maiko awiriwa ali. Mutati mupereke moni kwa munthu ali kumeneko, yankho likhoza kubwera patatha mphindi zoposa 40. Chombo cha Voyager 1, chomwe chinanyamuka mu 1977, tsopano chili kutali kotero kuti uthenga wake umatenga maola oposa 20 kufika kuno. Ndiye mukaona kaputeni akucheza ndi kwawo ngati akuimba foni ku Zobue, dziwani kuti pamenepo wolemba walumpha sayansi. Pulogalamu ya The Expanse, yomwe inayamba mu 2015, imayamikiridwa chifukwa imasonyeza kuchedwa kwa mauthengaku, komanso anthu akuyandama m'chombo injini ikazimitsidwa.

Phunziro la Ibn al-Haytham

Kukayikira mwanzeru si chinthu chachilendo. Akatswiri akale otchuka monga Euclid ndi Ptolemy ankaphunzitsa kuti munthu amaona chifukwa m'maso mwake mumatuluka cheza chokakhudza chinthucho, mofanana ndi maso a Superman pa kanema. Ibn al-Haytham, yemwe anabadwira ku Basra cha m'ma 965 n'kumwalirira ku Cairo cha m'ma 1040, sanangovomera chifukwa chakuti onenawo anali ndi mayina akuluakulu. Anayesa ndi nyali ndi chipinda cha mdima chokhala ndi kabowo, n'kuonetsa kuti kuwala kumayenda molunjika, ndipo m'buku lake la Kitab al-Manazir anafotokoza kuti timaona chifukwa kuwala kumalowa m'diso kuchokera ku chinthucho. Analembanso buku lina losonyeza pomwe mfundo za Ptolemy pa zakuthambo zinkatsutsana zokha. Tinganene kuti ankasaka zibowo, ndipo ankazisaka m'mabuku a anthu omwe ankawalemekeza.

Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

Filimu ya zombo siingaphe munthu. Koma chizolowezi chokhulupirira chilichonse chooneka bwino pa sikirini chikhoza kuvulaza. Makolo akukumbukira chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera ena, ndipo anthu anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya popanda umboni uliwonse. Lero kompyuta ikutha kupanga vidiyo ya munthu akulankhula mawu omwe sanalankhulepo, ndipo imafika pa WhatsApp m'mawa womwewo. Mwana amene anazolowera kufunsa kuti phokoso la chombo lachokera kuti, adzafunsanso kuti vidiyo imeneyi yachokera kuti asanaitumize kwa ena.

Choncho sitikunena kuti makolo azimitse kanema basi. Nthawi yowerenga ndi ya ntchito zapakhomo isungidwe, ndipo zoonera zisankhidwe mosamala. Koma mukapeza mpata, khalani pansi muonere nawo, kenako muwafunse zomwe aona. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anapanga makina amphepo opangira magetsi atawerenga mabuku a mu laibulale n'kuyesa yekha ndi zitsulo zotayidwa. Chidwi chinam'yambitsa, koma chinamaliza ntchitoyo ndi kuyesa.

Ntchito ya sabata ino

Ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, sankhani filimu imodzi yotere yomwe munaonerapo ndipo muyankhe mafunso atatu m'kope lanu. Ndi lamulo liti lomwe wolemba watipempha kuti tivomere? Kodi pali pamene walithyola yekha? Ndi chinthu chiti m'filimuyo chomwe mungachiyese ndi zomwe mwaphunzira mu Physics kapena Biology, ndipo mwapeza chiyani? Mubweretse makope Lachinayi, ndipo tidzapempha aphunzitsi a sayansi kuti adzakhale nafe pokambirana mayankho anu.