Nambala Ikalakwika, Wolipira ndi Wodwala

Ana anga amene mwakonda fizikisi ndipo mukufuna ntchito yoyeza cheza chochizira khansa, tcherani khutu. Mwasankha bwino. Kwa zaka zambiri Malawi ankatumiza odwala kunja kukalandira radiotherapy, ndipo khansa ya khomo la chiberekero ikutha amayi athu. Tikukufunani. Koma ndikuuzeni mosapsatira: ntchito iyi si ya munthu waphuma.

Dokotala amalemba mlingo, mwina magray 2 pa tsiku mpaka akwane 60 kapena 70. Wodwala akagona pansi pa makina saona kanthu, samva kanthu. Dokotalanso saona. Wotsimikiza kuti makinawo akutulutsadi magray 2 ndinu. Mukachepetsa, chotupa chimaphukanso. Mukapyoza, mumapsereza matumbo, chikhodzodzo ndi khungu. Malire amene timayendera ndi 5 pa 100 basi, ndipo zimene cheza chawononga simungazibweze. Madzi akatayika sawoleka.

Mu 1996, ku San José m'dziko la Costa Rica, anaika cobalt-60 watsopano m'makina. Poyeza, mphindi 0.3 anaziwerenga ngati masekondi 30, pomwe ndi masekondi 18. Odwala 115 analandira mlingo wopyola kwambiri, ena anamwalira. Ku Panama, mu 2000 ndi 2001, odwala 28 anapsa chifukwa kompyuta inawerengera nthawi molakwika, ndipo panalibe amene anabwereza masamuwo pamanja. Ogwira ntchito kumalo onsewa anali anthu ophunzira. Chinasowa ndi diso lachiwiri.

Inenso ndinalawako. Poyeza makina timamiza ionization chamber, kachubu kokhala ndi mpweya m'kati, masentimita 10 m'thanki ya madzi. Nambala imene kamapereka imadalira kuchuluka kwa mpweyawo, ndiye nthawi iliyonse timayenera kuwerenga thermometer ndi barometer m'chipinda momwemo. Ndikuchita kafukufuku wa digiri yachiwiri, ulesi unandigwira. Ndinkangotenga nambala ya barometer kwa a zanyengo, osadziwa kuti iwo amaikonza ngati munthu ali m'mbali mwa nyanja yamchere. Pamalo okwera mamita oposa 1,000, ngati Lilongwe kapena Lusaka, kusiyanako kumaposa 10 pa 100. Aphunzitsi anga anatulukira. Zonse zimene ndinayeza zinatayidwa. Anzanga anavala magauni ine ndikuyambiranso, ndipo panapita nthawi yaitali anthu asanakhulupirirenso nambala yochoka m'manja mwanga. Akanakhala makina a odwala, bwenzi ndikusenza maliro pamtima mpaka lero.

Choncho yezani nokha. Yezani, mulembe pomwepo, osati madzulo mukukumbukira. Mukatha, mupatse mnzanu abwereze asanaone yankho lanu. Musadalire nambala ya chaka chatha: mphamvu ya cobalt-60 imatsika pafupifupi 1 pa 100 mwezi uliwonse, ndipo pakatha zaka zisanu ndi miyezi itatu imatsala theka. Musadalire kompyuta chifukwa choti ndi kompyuta.

Musachite manyazi kuunikidwa. Kuyambira 1969, bungwe la IAEA pamodzi ndi WHO limatumiza tizipangizo toyezera m'zipatala kudzera pa positi. Inu mumatiwalitsa ndi makina anu, n'kutibweza ku Seibersdorf, ku Austria, komwe amakuuzani ngati muli m'malire. Landirani zimenezi ndi manja awiri. Chimene simukuchimvetsa, funsani. Safunsa anadya phula.

Ku yunivesite mudzamva njala ya kusindikiza mapepala, ya PhD, ya kuitanidwa kumisonkhano yakunja. Njalayo si yoipa. Koma tsiku lina nambala imodzi idzakana kugwirizana ndi zinzake, ndipo mtima udzati ingoifufuta, palibe aone. Musaifufute. Kawirikawiri nambala yokanayo ndi imene ikukuuzani kuti penapake pali vuto. Pepala lanu wina adzaligwiritsa ntchito pa munthu wamoyo.

Tsiku linanso makina adzatuluka m'malire odwala ali pamzere, ena atachokera kutali ndi ndalama zobwereka. Akuluakulu adzati tiyeni tingomaliza lero. Imitsani makinawo. Adzakudandaulani. Imitsani basi.

Mukadzakhala aphunzitsi, ophunzira anu adzatengera zimene manja anu amachita kuposa zimene mumalemba pabolodi. Akuoneni mukuwerenga barometer nokha, ngakhale mutakhala pulofesa. Mungathe kutero, ana anga. Yambani chizolowezichi pano, mudakali m'kalasi.