Kuimitsa kontena ya Docker popanda kuikokera kunja

Kontena ikatseka port 8080 yomwe mukuifuna, kapena ikayamba kudya memory ngati chiswe, dzanja limayabwa kuti muizimitse pompo. Dikirani kaye. Docker ili ndi malamulo awiri oimitsira kontena, ndipo kusiyana kwawo kuli ngati kuuza mlendo kuti kwada akonzeke, ndi kumukokera kunja mbamu ya nsima ili m'manja.

Yambani ndi kudziwa chimene mukufuna kuimitsa. Lembani `docker ps` pa terminal. Mudzaona mzere umodzi pa kontena iliyonse yomwe ikugwira ntchito: kumanzere nambala yake ya zilembo 12, kumanja dzina lake. Ngati simunaipatse dzina poiyambitsa, Docker inaipangira lake, lija lokhala ndi dzina la katswiri wina wa sayansi kumapeto. Mutha kugwiritsa ntchito dzina kapena nambala, ndipo nambalayo simufunika kuilemba yonse. Zilembo zitatu kapena zinayi zoyambirira zimakwana, bola kontena ina isakhale yoyamba ndi zomwezo.

Tsono lembani `docker stop webu`, ngati kontena yanu ikutchedwa webu. Apa mpamene pali nkhani. Docker imatumiza uthenga wotchedwa SIGTERM kwa pulogalamu yaikulu ya m'kontenamo, kuipempha kuti imalize zimene ikuchita, isunge zofunika, itseke mafayilo. Kenako imadikira masekondi 10 pa Linux. Pulogalamuyo ikapanda kutuluka yokha m'nthawi imeneyo, Docker imatumiza SIGKILL, uthenga womwe pulogalamu singaukane kapena kuuzengereza. Imagwa pomwepo, kaya inali pakati polemba chinachake.

Kwa tsamba wamba masekondi 10 ndi ochuluka. Kwa database yomwe yatanganidwa, mwina sakwana. Ipatseni mpata: `docker stop -t 60 db` imadikira mphindi yathunthu. Musaope kuti mutaya nthawi, chifukwa ikamaliza m'masekondi 4, lamulo limabwerera m'masekondi 4 omwewo.

Nanga `docker kill`? Ilo silipempha, limatumiza SIGKILL nthawi yomweyo. Ine ndimalisungira kontena yomwe yauma mutu, yosamva chilichonse, ndipo yomwe ndikudziwa kuti mulibe zolemba zoti ndingadandaule nazo.

Mukaimitsa, musangochoka. Lembani `docker ps -a`, lomwe limaonetsanso makontena oima, muyang'ane nambala yomwe ili pafupi ndi mawu akuti Exited. Ikakhala 0, pulogalamu inatuluka bwinobwino. Ikakhala 143, inagonjera SIGTERM, popeza 143 ndi 128 kuphatikiza 15, nambala ya uthengawo. Koma 137, yomwe ndi 128 kuphatikiza 9, ikukuuzani kuti inaphedwa mokakamiza, kaya ndi Docker kapena chifukwa memory inatha.

Mukaona kuti kontena yanu imatenga masekondi 10 ndendende nthawi zonse n'kutuluka ndi 137, musaganize kuti ndi chikhalidwe chake. Kawirikawiri uthenga sukufika kwa mwini wake. Mu Dockerfile, mukalemba CMD ngati chiganizo wamba, Docker imayambitsa pulogalamu yanu kudzera mu shell, ndipo shell-yo ikhoza kukhala ndiyo yolandira SIGTERM n'kungoukhalira osaupereka. Lembani CMD ["node", "server.js"] ndi mabulaketi ndi zizindikiro zake, kapena yambitsani kontenayo ndi `--init`, kuti pakhale kapulogalamu kakang'ono kopereka uthengawo.

Kuimitsa makontena angapo n'kosavuta, mungondandalika mayina: `docker stop webu db`. Kuimitsa onse ndi `docker stop $(docker ps -q)`. Lamulo ili ndinalilemba tsiku lina madzulo ndikuganiza kuti ndili pa laputopu yanga, pomwe windo ya terminal inali yolumikizidwa ku seva yomwe tinkagwiritsa ntchito anthu angapo. Foni inayamba kulira ndisanamalize tiyi. Chiyambire pamenepo ndimayamba ndalemba `hostname` kuti ndione kompyuta yomwe ndilipo ndisanaimitse makontena ambiri.

Kumbukiraninso kuti kuimitsa si kuchotsa. Kontena yoima ikadalipo ndi mafayilo ake, ndipo `docker start webu` imaidzutsa. Ikachotsedwa ndi `docker rm webu`, zimene inalemba m'kati mwake zimapita, kupatula zosungidwa mu volume. Amene mumagwiritsa ntchito Compose samalani kwambiri: `docker compose stop` imangoimitsa, `docker compose down` imachotsa makontena ndi network yawo, ndipo mukawonjezera `-v` imasesa ndi ma volume omwe, database yonse n'kupita.

Chomaliza chimene chimasokoneza ambiri ndi kontena yomwe munaiimitsa dzulo koma lero seva itayakanso mwaipeza ikugwira ntchito. Si matsenga ayi. Inayambitsidwa ndi `--restart always`, ndipo Docker ikayambanso imaidzutsa ngakhale munaiimitsa ndi dzanja lanu. Lembani `docker update --restart unless-stopped webu` kuti ikhale chiimire mpaka inu mutaiyambitsa, kapena `--restart no` ngati simukufuna kuti izidzidzutsa yokha konse.