Galu Wamkulu Wodetsa Pakhonde

FUNSO: Bambo mlangizi wa ziweto, mlongo wanga posamukira ku Lilongwe anandisiyira galu wake wamphongo, wamkulu kale, ndipo ndinamulandira ndi manja awiri popeza akuba nkhuku atisowetsa tulo kuno. Koma kukacha ndipeza atadetsa pakhonde, penipeni pamene ana amakhala poswa mtedza. Ndamukwapula, osasintha. Amuna anga akuti kuongola mtengo n'poyamba, timpereke kwa ena. Ndichitenji?

Mayi wodandaula, Ludzi, Mchinji.

YANKHO: Mayi, mwambi umene atchula bambo a kunyumbawo sindiutsutsa pa mtengo, koma galu wamkulu, amene atha kusunga mkodzo nthawi yaitali kuposa kamwana ka galu, ndiye savuta kuphunzitsa, malinga mwini wake adekhe. Ndodo ikani pansi, pakuti galu wokwapulidwa m'mawa chifukwa cha zimene adachita pakati pa usiku sadziwa mlandu wake. Chimene aphunzirapo ndicho kukuopani ndi kukachitira mobisala.

Akulu adati galu wamkota sakandira pachabe. Chimene chimbweza pakhonde panu ndi fungo, chifukwa galu wamphongo akafika pamudzi pachilendo amakodzera apa ndi apo kuti agalu anzake adziwe kuti pali mwini, ndipo pamene mphuno yake yapeza mkodzo wadzulo, pomwepo ayesa chimbudzi chake. Tsukani tsono ndi sopo ndi madzi ambiri. Ngati khondelo ndi lozira, palani dothi lonse lonyowa, muzirenso ndi latsopano. Mukatero muzimpatsira chakudya pakhonde pomwepo, popeza galu sakonda kudetsa pamene adyera ndi pamene agona.

Mikute kapena phala la madeya mumpatse m'mawa ndi dzuwa lisanalowe, osati usiku, ndipo akadya, komanso mbandakucha ndi musanagone, mupite naye pachingwe kumalo amodzi omwewo, kutali ndi chitsime ndi dimba, muime naye kufikira atadzithandiza, ndipo nthawi yomweyo mumuyamike ndi mawu ofatsa ndi kamutu ka usipa. Ntchito iyi njamasabata, si ya tsiku limodzi, ndipo a m'nyumba onse achite chimodzimodzi.

Koma mukaona kuti akukodza pafupipafupi movutikira, kapena mkodzo uli ndi magazi, kapena akumwa madzi mopitirira, amenewo ndi matenda, muitane alangizi a ziweto a m'dera lanu. Iwo omwewo ampatse mankhwala a njoka za m'mimba miyezi itatu iliyonse, chifukwa mazira a njokazo amakhala m'chimbudzi cha galu ndipo amadwalitsa ana osewera pansi, choncho chimbudzicho muzichikwirira. Funsaninso mlongo wanuyo kuti galuyu adabayidwa liti katemera wa chiwewe, amene ayenera kulandira chaka ndi chaka. Akadzaluma munthu, tsukani bala ndi sopo kwa mphindi 15, ndipo muthamange ndi wolumidwayo kuchipatala cha Ludzi kapena cha paboma ku Mchinji tsiku lomwelo.