Anyamata akutopa, koma mipando sikutha

Funso: Ndili ndi shopu ya ukalipentala ku Ndirande, ndipo ndinalemba anyamata anayi. Tsiku lonse amakhala ali pikitipikiti, pofika madzulo atheratu, koma mipando yomalizidwa ndi yochepa. Kodi ndi ulesi?

Yankho: Ndikukayika, bambo. Mawa mujambule shopu yanu papepala, musankhe mnyamata mmodzi, ndipo akangosuntha muzilemba mzere. Pofika masana pepalalo lidzadzaza: wapita kukatenga sowo, wabwerera kufunafuna tepi, wawerama kutola misomali. Zonsezi zimatopetsa, koma kasitomala salipira mapazi.

Taiichi Ohno wa kampani ya Toyota ku Japan anaika kusuntha kosafunikira pa mitundu 7 ya zinthu zowononga pantchito. Iye asanatero, Frank Gilbreth ku America anaona omanga nyumba akuwerama pa njerwa iliyonse. Atawaikira njerwa ndi matope pamalo okwera, ndi kukonzanso zina, kusuntha poika njerwa imodzi kunatsika kuchoka pa 18 kufika pafupifupi 5.

Inu yambani ndi zida. Chogwiritsidwa ntchito pafupipafupi chikhale pofikira dzanja, chilichonse pa msomali wakewake kukhoma. Mabenchi atsatane monga ntchito imayendera: kudula, kupala, kulumikiza, kupaka vanishi. Ngati anyamata awiri amalimbirana hamala imodzi, gulani ina. Kuumira pamenepo n'kodula.

Musanasunthe benchi, afunseni eni ake. Amadziwa pomwe msana umawawira, kungoti bwana safunsa kawirikawiri.