Kusankha sipika ya gitala ya bezi: yambirani pa ampulifaya

Makwaya ndi mabandi a ku Kaning'ina, ku Mzuzu, akafuna kukhoma bokosi la bezi, ambiri amathamangira sipika yaikulu yolembedwa mawati ochuluka. Kumeneko n'kuyambira kumchira. Sipika imasankhidwa poona ampulifaya imene muli nayo ndi bokosi limene idzakhalemo.

Choyamba, werengani kumbuyo kwa ampulifaya muone ma ohm ochepetsetsa amene imalola. Zambiri zimalekeza pa 4. Masipika awiri a ma ohm 8, mukalumikiza mawaya ofiira pamodzi ndi akuda pamodzi, amapereka 4, ndipo zili bwino. Awiri a ma ohm 4 amatsikira pa 2, ampulifaya n'kutentha, mwinanso kupsa. Pa mawati, khulupirirani nambala ya RMS yokha. Ya PMPO, yolembedwa zilembo zikuluzikulu pakatoni, ndi yokopera ogula.

Kachiwiri, onani ngati sipikayo ingapirire mawu otsika. Chingwe chokhuthala cha bezi ya zingwe zinayi chimalira pa 41 Hz, cha ya zingwe zisanu chimatsika kufika pa 31 Hz. Mawu otere amafuna kuti pepala la sipika liziyenda kwambiri kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo malire a kayendedweko amalembedwa kuti Xmax. Makampani monga Eminence ndi Celestion amasindikiza nambala imeneyi pamodzi ndi zina za sipika iliyonse, ndipo mukazilowetsa mu pulogalamu yaulere ya WinISD mumadziwa kukula kwa bokosi loyenera. Wina anena kuti ya mainchesi 15 imaposa ya 10 nthawi zonse. Komatu mapepala anayi a mainchesi 10 mukawaphatikiza amakula kuposa limodzi la 15, ndipo bokosi lotchuka la Ampeg SVT, lomwe linatuluka mu 1969, limanyamula masipika a mainchesi 10 okhaokha.

Bokosilo khomani ndi pulayiwudi wa mamilimita 18, amene amapangidwanso pafupi pano ku Chikangawa. MDF imafufuma ikamwa chinyontho, ndipo mvula ya ku Mzuzu tonse tikuidziwa. Musanatseke, gunditsani batire la tochi pa mawaya: masipika onse asunthire mbali imodzi, apo ayi bezi imazimirira.

Tweeter, kasipika ka mawu okwera, ibwere pamapeto, ngati ikufunika n'komwe. Ena amadandaula kuti popanda iyo mawu amamveka ngati ali m'thumba. Zoona kwa woimba womenya zingwe ndi chala chachikulu, chifukwa kuthetheka kwake kumakhala m'mwamba. Koma kwa wothandizira kwaya m'tchalitchi cha malata, momwe mawu okwera amanjanja kale, imangoonjezera phokoso. Mukaiikabe, musailumikize mwachindunji. Ikani crossover yoletsa mawu otsika kuposa 3,500 Hz kapena chapompo, ndi kabatani kochepetsera mphamvu yake, chifukwa popanda chitetezo chimenechi kawaya kake kosalimba kamapsa msanga.