Ndudu ya pa ntchito

Zikomo bambo a ku Area 47 chifukwa cha kalata yanu. Mwalemba kuti mumagwira ntchito mu ofesi ina ku City Centre, ndipo abwana akakupanikizani mumatuluka kukayatsa ndudu kuti mtima ukhale m'malo. Funso lanu ndi lakuti, kodi fodyayo amachotsadi nkhawa?

Ayi bambo, sachotsa. Nikotini amafika ku ubongo m'masekondi ochepa, koma pakatha maola ngati awiri theka lake limakhala litatha m'magazi. Apo ndiye mumayamba kupsa mtima msanga, mutu osagwira. Mukayatsa ina, chimene chaphwa ndi chibaba chimene ndudu yoyamba ija inasiya. Ntchito ikadali mulu pa tebulo, abwana ndi omwewo, koma mtima ukugunda mothamanga ndipo BP yakwera.

Chimene chimakupumitsani ndi mphindi zisanu zija mwachoka pa mpando. Zimenezo musazitaye. Tulukani, yendani mpaka pa geti, imwani madzi, koma machesi asiyeni kunyumba. Za kuchuluka kwa ntchitozo, khalani pansi ndi abwanawo mukambirane.

Mwatinso fodya ndi wathu, ambiri ku Kanengo amadyera pomwepo. Zoona, komabe mu 2023 dziko lathu linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta.

Chimene chandidetsa nkhawa ine ndi chifuwa chimene mwati chatha milungu itatu. Chonde mawa lomwe pitani ku chipatala cha Bwaila ku Old Town akakuyezeni makhololo.